Laputopu ikamalosera zolakwika: disiki pa 100%, RAM yodzadza ndi bandulo yongosungunuka

Ndatopa kufotokoza nkhani imodzimodzi kwa aliyense wobwera ndi laputopu m'chikwama, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi, wina akafunsa ndizingomutumizira basi. Dandaulo lake silisintha. "Ikayaka imatenga chaka." "Kanyale ka disiki sikathima." "Ndinaona pa YouTube akuti ndidilite Prefetch, ndadilita koma zafika poipa." Makamaka nyengo ya ma asayimenti ndi ma disetesheni, ana a ku Chanco okhala ku Chikanda ndi ku Matawale amabwera motsatizana, wina mpaka misozi ili lengelenge chifukwa supavaiza akufuna chaputala mawa m'mawa.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti kompyuta imalosera. Siidikira kuti inu mudine kaye, imayesa kulota fayilo yomwe muifune kutsogoloku n'kukaitengeratu pa disiki kuiika mu RAM, malo othamanga omwe kompyuta imaikamo zomwe ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Zili ngati wakabaza amene anazolowera kuti inu mumaweruka 4:30, nthawi isanakwane iye wafika kale pageti simuchita kumuimbira. Akalota bwino mumafika msanga. Koma msewu ukakhala wamatope ngati ya ku Chikanda m'dzinja, ngakhale afike pageti 3 koloko ulendo uchedwabe, ndiye anthu amakalipira wakabaza pomwe vuto ndi msewu. Pa ma laputopu ambiri omwe ndimagwira msewuwo ndi hard disk yakale, ndipo woloserayo amangonyamula mlandu poti dzina lake ndi lomwe limaoneka pamwamba mu Task Manager, kawindo koonetsa zomwe zikuyenda m'kompyuta. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

## Woloserayo ndi ndani kwenikweni

Pa Windows alipo awiri ndipo anthu amawasokoneza.

Woyamba ndi Prefetch, anabwera ndi Windows XP mu 2001. Mukatsekula pulogalamu, tinene Word, Windows imayang'anitsitsa masekondi 10 oyambirira kuti yaitana mafayilo ati, zidutswa ziti, kenako imalemba kamndandanda mu foda ya C:\Windows\Prefetch, kafayilo kothera ndi .pf. Ulendo wotsatira siidikiranso kuti Word ipemphe chimodzichimodzi, imakatola zonse pakamodzi kuti singano ya disiki isamangodumphadumpha. Poyaka kompyuta imachitanso zomwezo. Mpaka pa Windows 7 timafayilo timeneti sitinkapitirira 128, kuyambira Windows 8 malire ndi 1024, ndipo n'ting'onoting'ono, foda yonse siifika ndi pa kukula kwa filimu imodzi yomwe. Ndiye amene amati akudilita kuti apeze malo akungodzinamiza.

Wachiwiri anabwera ndi Windows Vista mu 2007 ali ndi dzina loti SuperFetch, pa Windows 10 ya 1809 dzina looneka linasintha kukhala SysMain. Uyu amaphunzira khalidwe lanu, mapulogalamu omwe mumatsekula pafupipafupi komanso nthawi yake, n'kumawakwezeratu mu RAM yomwe ikungokhala.

Palinso kulosera kwachitatu komwe kulibe dzina lotchuka koma kuli pa Windows, Linux ngakhale pafoni: mukayamba kuwerenga fayilo kuchokera koyambirira, kompyuta imaganiza kuti mupitiriza ndiye imawerengeratu chidutswa chakutsogolo. Ndi chifukwa chake filimu imayenda mosadukiza.

## Chizindikiro 1: ikangoyaka, disiki ili pa 100% ndipo chilichonse chaima

Poyamba tigwirizane, 100% imeneyo sikutanthauza kuti disiki yadzadza. Ikutanthauza kuti yatanganidwa, ilibe mpata wopuma. Ndalandirapo anthu atadilita zithunzi za ukwati kuti "apeze malo" chifukwa cha nambala imeneyi, chonde musatero.

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itsekuke. Pitani pa Performance kenako Disk, pa Windows 10 yatsopanoko ndi Windows 11 amalemba pomwepo kuti HDD (hard disk yozungulira) kapena SSD (disiki yothamanga yopanda zozungulira). Kenako bwererani pa Processes mudine mutu wa Disk kuti wodya kwambiri akwere pamwamba. Mukatero siyani laputopu ili pa chaja kwa mphindi 10 osaigwira, kaphikeni tiyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikatsika yokha pakatha mphindi zimenezo ndiye kuti sinadwale, imangomaliza ntchito zake za m'mawa.

Zoyambitsa, kuyambira chomwe ndimachipeza kwambiri:

1. Hard disk yozungulira pamodzi ndi RAM ya 4GB. Ichi ndiye chimfine cha ma laputopu a kaunjika omwe ambiri timagula. Disiki zake zambiri ndi za 5400 rpm, muli mbale yozungulira ndi singano, ikamawerenga fayilo imodzi yayikulu imathamanga ndithu koma ikauzidwa kutola timafayilo masauzande tomwazikana imatha kutsika mpaka 1 MB pa sekondi. Pa nthawi yoyakayo SysMain akufuna kudzadza RAM, Windows ikufuna zake, inunso mwadina Chrome katatu chifukwa siikutsekuka, onse pa singano imodzi. Mankhwala enieni ndi SSD, ngakhale ya 128GB kapena 256GB, poti ilibe singano yodikira. Hard disk yakaleyo mutha kuiika mu caddy pamalo pa DVD kapena mu kabokosi ka USB muzisungiramo ma series. Ndalama ikakhala ya chinthu chimodzi chokha, ine ndimati SSD kaye, RAM pambuyo.
2. Ma apudeti, Defender (antivirus ya Windows) ndi Windows Search aunjikana. Kuno laputopu imatha mwezi osalawa intaneti chifukwa bandulo ndi yodula, ndiye tsiku lomwe mwailumikiza pa wifi ya kusukulu imafuna kubweza ngongole yonse tsiku limodzi. Mu Processes muona mayina ngati Antimalware Service Executable, Windows Modules Installer Worker kapena Microsoft Windows Search Indexer. Isiyeni imalize ili pa chaja, muipange ristati, mwina kawiri. Osaithimitsa pakati.
3. Mapulogalamu oyaka okha achuluka. Mu Task Manager momwemo muli Startup, zimitsani zomwe simuzifuna m'mawa uliwonse. Ndipo ma antivirus awiri m'kompyuta imodzi ndi atambala awiri m'khola limodzi, aliyense amafuna kununkhiza fayilo iliyonse yomwe woloserayo watola. Chotsani imodzi.
4. SysMain yemweyo. Inde zimachitika. Ngati Service Host: SysMain akukhala pamwamba kupitirira theka la ola tsiku ndi tsiku, muyeseni. Dinani batani la Windows ndi R, lembani services.msc, pezani SysMain, dinani Stop. Disiki ikatsika pompo n'kukhalabe pansi, mwamugwira. Ikani Startup type pa Disabled mugwiritse ntchito masiku atatu muone. Ngati palibe chasintha mubwezereni pa Automatic, analibe mlandu. Ambiri amaiwala gawo lobwezerali ndipo ndi omwe amabweranso ndi chizindikiro 3.
5. Disiki ikufa. Ndaika kumapeto poti sichichuluka ngati zinazo koma ndi choopsa kuposa zonse. Pa Performance yang'anani Average response time. Ikamafika masauzande a ms pomwe liwiro lowerenga lili pafupi ndi ziro, disiki ikubwereza kuwerenga malo owonongeka. Dumphani mukawerenge gawo lomaliza musanachite china chilichonse.

## Chizindikiro 2: RAM yadzadza koma sindinatsekule kanthu

Apa nthawi zambiri palibe chokonza. RAM yongokhala ndi yotayika, zili ngati kugula firiji n'kumanyadira kuti mulibe kanthu. SysMain amaikamo zomwe akuganiza kuti muzifuna, ndipo pulogalamu ikapempha malo zimenezo zimatayidwa nthawi yomweyo popanda kulemba kalikonse pa disiki.

Pa Performance dinani Memory. Nambala yofunika ndi Available, osati Cached. Mukafuna kuona bwino tsekulani Resource Monitor, gawo lolembedwa Standby ndi katundu wa woloserayo, ndi malo anu omwewo.

- Cached ndi yayikulu koma Available iliponso yambiri, kompyuta ikuyenda bwino. Palibe vuto, tsekani Task Manager mupitirize ntchito.
- Available yatsala ma MB ochepa ndipo disiki ikulira. Apa RAM yathadi, Windows ikusamutsira zinthu ku pagefile ya pa disiki, mu Resource Monitor muona Hard Faults/sec ikukwera osatsika. Kawirikawiri ndi Chrome ya ma tabu 30, ma PDF a literature review onse otsekula, kuphatikiza SPSS. Tsekani zina kapena onjezerani RAM ifike 8GB.
- Kompyuta sinapangidwe ristati kwa masabata. Kuyambira Windows 8 kuli Fast Startup, mukadina Shut down mtima wa Windows suthima kwenikweni, umasungidwa pa disiki n'kudzutsidwa mawa ndi zinyalala zake zomwe. Onani Up time pansi pa CPU, mudabwa kuona masiku 20. Restart ndi yomwe imayambiradi pachiyambi.
- Pa Memory pomwepo, nambala ya Non-paged pool ikungokula mpaka ma GB. Ameneyo ndi driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) wodya RAM osabweza, nthawi zambiri wa netiweki. Ikani watsopano kuchokera kwa opanga laputopuyo.
- Munaika 8GB koma ikugwiritsa yosafika 4GB. Wina anakuikirani Windows ya 32-bit. Onani pa Settings, System, About. Palibe chidule, pafunika kuinstola ya 64-bit.

Timapulogalamu tija tolonjeza kuti "RAM booster", tochita kuonetsa roketi ikuuluka, chomwe timachita n'kutaya zonse zomwe woloserayo anasonkhanitsa. Nambala imaoneka yokongola kwa mphindi ziwiri kenako disiki iyambirenso kutola zomwezo. Tichotseni. A Linux nanunso, mukalemba free -h musachite mantha ndi buff/cache, yang'anani available.

## Chizindikiro 3: pulogalamu iliyonse imatsekuka ngati ndi koyamba

Kompyuta yabwinobwino imayenera kuzolowera. Word yotsekulidwa tsiku lililonse iyenera kufulumira kuposa pulogalamu yomwe mwangoiika lero. Ikakhala kuti siikuzolowera ndiye kuti pali amene akufufuta zomwe yaphunzira, kapena anaithimitsa ubongo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsekulani C:\Windows\Prefetch, ikafunsa chilolezo vomerani, sanjani mafayilo potsata Date modified. Tsekulani Notepad, dikirani theka la mphindi, dinani F5. Pamwamba payenera kubwera fayilo yoyamba ndi NOTEPAD.EXE yothera ndi .pf, ya nthawi yomweyo. Ikapanda kubwera, kapena foda ili mbee, onani izi:

1. Pulogalamu yotsuka ikusesa foda imeneyi. Mu CCleaner muli kabokosi kolembedwa Old Prefetch data, ndipo ma cleaner ena amasesa osafunsa n'komwe. Chotsani chizindikiro pa kabokosiko. Nanunso siyani chizolowezi cholemba prefetch mu Run n'kudilita zonse Loweruka lililonse ngati mukusesa pabwalo. Windows imachotsa yokha timafayilo takale malire akakwana. Mukadilita siiwonongeka ayi, koma imayambiranso sitandade 1, ndipo masiku otsatirawo zonse zimachedwa.
2. Wina anathimitsa SysMain kapena anagwira registry, nkhokwe ya ma setting a Windows. Izi zachuluka ndi ma Windows odulidwadulidwa aja otchedwa "lite" omwe anyamata ena amaikira anthu pofomata. Mu services.msc onani ngati SysMain ili pa Automatic ndipo ikuyenda. Kwa odziwa regedit yotsekulira registry, njira yake ndi HKEY_LOCAL_MACHINE\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\Session Manager\Memory Management\PrefetchParameters, pali EnablePrefetcher: 0 ndi kuthimitsa, 1 ndi mapulogalamu okha, 2 ndi poyaka pokha, 3 ndi zonse. Isiyeni pa 3. Ngati regedit simunaitsekulepo chibadwire, lero si tsiku loyambira muli nokha. Pa Windows yodulidwayo nthawi zina SysMain mulibiretu, ndipo ine ndimangolangiza kuika Windows yeniyeni.
3. Mwangofomata kapena kwangodutsa apudeti yayikulu. Mafayilo asintha, mndandanda wakale sukugwiranso. Ipatseni masiku angapo.
4. Kompyuta ya pa kafe kapena mu labu yokhala ndi pulogalamu ngati Deep Freeze. Imabwerera pomwe inaumitsidwa nthawi iliyonse ikayaka, ndiye zonse zomwe yaphunzira lero mawa kulibe. Eni ake ndi omwe angakonze: aisungunule, atsekule mapulogalamu ofunika kangapo, apange ristati kangapo, kenako aumitsenso.
5. Pulogalamu mukuiyendetsa kuchokera pa fulashi kapena mumaisuntha mafoda. Dzina la kafayilo ka .pf limatengera malo omwe pulogalamuyo ili, mukaisuntha Windows imaiona ngati mlendo. Ikopereni pa C ikhazikike.
6. Batire inafa, magetsi akathima nayo imathima pompo. Kuthima kotereku kumasiya mafayilo olembedwa theka. Tsekulani Command Prompt ngati administrator mulembe sfc /scannow. Koma gulani batire aise, vutoli silitha ndi ma command.

Pa SSD chizindikiro chimenechi sichimveka kwenikweni chifukwa disiki ndi yothamanga kale, ndipo Windows imadziwa yokha kuti ili pa SSD n'kusintha kachitidwe. Ndiye musavutike n'kuthimitsa zinthu poti "mukuteteza SSD", malangizo amenewo ndi a nthawi ya Windows 7.

Kankhani kapambali: foda imeneyi ndi kazitape. Kafayilo kalikonse kamasunga kuti pulogalamuyo yatsekulidwa kangati, ndipo kuyambira Windows 8 kamasunganso nthawi 8 zomaliza. Apolisi ofufuza za makompyuta amayang'anamo. Inenso wina akandiuza kuti "sindinaikemo chilichonse achimwene, yangoyamba yokha", ndimangotsekula foda imeneyi n'kupeza ka crack ka gemu katsekulidwa dzulo 11 koloko usiku.

## Chizindikiro 4: filimu kapena fayilo yayikulu ikudukiza, kukopa kukukwawa

Apa ndi kuwerengeratu kutsogolo kuja kwalephera kupikisana ndi liwiro lomwe mukufuna.

- Mukukopa zinthu zingapo nthawi imodzi. Mnzanu wabwera ndi external yodzadza ma series, mwakoka foda iyi, iyo, ndi inanso, mawindo atatu akukopa pamodzi. Pa hard disk kumeneko n'kuipha, singano ikungothamangira uku ndi uku ndipo kulosera kuti "chotsatira chili kutsogoloku" kukulephera nthawi iliyonse. Sankhani zonse mukope kamodzi, kapena dikirani ina ithe. Zimatha msanga kuposa zitatu pamodzi, yesani muone.
- Fulashi ndi yofooka kapena yabodza. Zija zolembedwa ma GB ambirimbiri pamtengo wa mandasi. Imayamba mothamanga, kenako imagwa n'kuima pa 99%. Yesani ndi H2testw, imadzadza fulashi yonse n'kuwerenganso, yabodza imagwidwa. Chotsanimo kaye zanu.
- Mwalowetsa pa USB 2.0. Malire ake ndi 480 Mbps papepala, m'moyo weniweni ndi cha m'ma 30 MB pa sekondi. Fufuzani bowo la buluu mkati kapena lolembedwa SS.
- Hard disk yadzadza ndipo mafayilo anamwazikana. Siyani malo opuma, kenako tsekulani Defragment and Optimize Drives mudine Optimize. Windows imayenera kuchita yokha sabata iliyonse koma laputopu yoyaka ola limodzi patsiku siipeza mpata.
- Pa Linux, onani cat /sys/block/sda/queue/read_ahead_kb, nthawi zambiri ndi 128. Pa kompyuta yosungira mavidiyo akuluakulu kukweza nambalayi kumathandiza, koma pa database kumatha kuononga poti imawerenga modumphadumpha ndiye zowerengeratuzo zimangodya RAM. Sinthani pang'ono, yezani, ndipo dziwani kuti ikapanga ristati ibwerera pakale.

Za ReadyBoost, yoika fulashi kuti ithandize disiki, inabwera ndi Vista ndipo imadalira SysMain yemweyo. Siionjezera RAM ngakhale anthu amatero. Pa kompyuta ya hard disk ndi RAM yochepetsetsa imathandizako pang'ono, pa SSD Windows imakana n'kuiyatsa komwe.

## Chizindikiro 5: bandulo yatha koma sindinadawunilode kanthu

Kulosera sikuthera pa disiki, kumafika ndi pa intaneti, ndipo uku ndiye kumaluma m'thumba. Walira mvula walira matope, mukafuna tsamba lotsekuka mwachangu dziwani kuti latengedweratu ndi ndalama zanu. Yambani ndi kuona wakuba: mu Settings, pa Network & Internet, pezani Data usage, imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi zomwe yadya m'masiku 30.

1. Ma apudeti a Windows ndi a mapulogalamu. Mukalumikiza hotspot ya foni, laputopu imaiona ngati wifi yaulere. Lowani mu Properties ya wifi imeneyo muyatse Metered connection.
2. Mavidiyo odziyamba okha. YouTube ndi Facebook zimakokeratu chidutswa chakutsogolo, mukachoka pakati zomwe zakokedwazo zapita. Thimitsani autoplay, tsitsani quality.
3. OneDrive kapena Google Drive ikukweza ndi kutsitsa mafoda onse. Iimitseni mukakhala pa bandulo.
4. Chrome ikutsekuliratu masamba omwe ikuganiza kuti muwadina. Mu Settings, pa Performance, pali Preload pages, ithimitseni. Siidya ngati zitatu zapamwambazi koma pa bandulo ya tsiku limodzi chilichonse chimawerengedwa.

## Pomwe muyenera kusiya n'kupita kwa wokonza

Chaka china kunabwera mtsikana wa fourth year ndi HP yake, atakwera njinga kuchokera ku Chikanda mvula ili pakhosi. "Achimwene, anzanga athimitsa kale SysMain, adilita Prefetch, koma ikungoima, disetesheni yanga yonse ili momwemo." Ndinamufunsa ngati ali ndi kope ina, anati inali pa fulashi koma fulashiyo inagwidwa ndi vayirasi ya ma shortcut ku malo opulintira. Disiki inali pa 100%, liwiro 0, ndipo ukaika khutu pafupi ndi touchpad umamva ka "tik, tik" kobwerezabwereza. Ine m'malo mokopa kaye foda yake ndinathamangira chkdsk /r, command ya Windows yofufuza zolakwika pa disiki, kuti ndiikonze, ndinaisiya usiku wonse, m'mawa BIOS, pulogalamu yoyatsa kompyuta, siikuionanso disiki n'komwe. Chkdsk /r imakakamiza disiki kuwerenga malo onse, ndipo yodwala kale imatha kumalizika pomwepo. Tinapulumukira pa chaputala chomwe anatumizira supavaiza pa imelo milungu iwiri m'mbuyomo, zotsalazo analembanso. Mpaka lero ndikamuona m'tauni ndimachita manyazi.

Ndiye dongosolo ndi ili: ikani CrystalDiskInfo yoyeza thanzi la disiki, ndi yaulere. Ikalemba Good ndi mtundu wa buluu pitirizani ndi zomwe ndalemba pamwambazi. Ikalemba Caution yachikasu, makamaka pa Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count, kopani zofunika nthawi yomweyo kuyambira zazing'ono zamtengo wapatali, ma Word ndi ma Excel kaye, mafilimu pomaliza.

Thimitsani mupite kwa wodziwa ngati:

- disiki ikugogoda, ikulira ngati nyenje kapena ikuzungulira n'kuima
- kukopa kukuima pa fayilo imodzimodzi kapena kukubwera uthenga wa cyclic redundancy check
- mafoda akusowa okha, kapena Windows ikuti fomatani disiki yomwe dzulo inali bwino, apa musadine Format ngakhale ikakamire
- sikirini ya buluu ikubwera pafupipafupi, kapena ikuyaka n'kulemba kuti No bootable device
- mwagwira registry ndipo siikuyakanso
- batire yatupa mpaka touchpad yatukuka, iyi musaichajenso n'komwe
- kompyuta ndi ya ku ofesi, kumeneko kuli a IT ndipo mukathimitsa ma service mlandu ukhala wanu

Osaiika mufiriji, osaimenya, osaitsekula hard disk kuti muone mkati, fumbi la m'chipinda ndi lokwanira kukanda mbale. Ndipo osaika pulogalamu yobweza mafayilo pa disiki yomweyo yomwe mafayilo asowa, mukhala mukulemba pamwamba pa zomwe mukufunazo.

Popita tengani chaja, fulashi kapena external yoti akopereko, ndipo ngati disiki inakhomedwa ndi BitLocker, loko wa Windows, pezeranitu recovery key ya manambala 48, nthawi zambiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft, popanda imeneyo ngakhale katswiri wa ku Blantyre sangatsekule. Mukafika muuzeni zonse zomwe mwayesa kale osabisa, ndipo mawu oyamba akhale oti "akulu, musafomate, kopani kaye foda ya Documents ndi Desktop ndili pompano."